Tchalitchi choyenda pa matayala ku Kiruna: mgodi ungasamutse bwanji tauni yonse?

Funso lachokera kwa m'bale wina wa ku Karonga, akuti: "Ndaona kavidiyo pa Facebook, tchalitchi chachikulu chofiira chikuyenda pa matayala ku Sweden, akuti tauni yonse ikusamuka chifukwa cha mgodi. Ndi zoona zimenezi? Mgodi ungakhale ndi mphamvu kuposa tauni? Ndafunsa poti kwathu kuno tili ndi Kayelekera ndipo anthu amati mgodi ndi umene udzatukule dera lathu."

Achimwene, zimene munaonazo ndi zoona, si zopanga pa kompyuta ayi. Tauni yake ndi Kiruna, kumpoto kwenikweni kwa Sweden, ndipo tchalitchicho anachisuntha pa 19 ndi 20 August 2025, mtunda wa makilomita 5, chathunthu osachiphwasula, kulemera kwake matani 672. Msewu anachita kuukulitsa kaye kuti chidutse, chimayenda pang'onopang'ono moti munthu woyenda pansi amachisiya, wailesi ya kanema ya boma inaonetsa ulendo onse, mfumu ya dzikolo Carl XVI Gustaf inabwera kudzaonerera. Koma ine ntchito yanga ndi yotsatira ndalama za migodi, komwe zimachokera ndi komwe zimathera, nde ndikupempheni kuti tisaime pa tchalitchipo. Funso lanu lachiwirilo ndi limene lili ndi nyama, ndipo yankho lake ndi loti ku Kiruna mgodi ndi umene unayamba, tauni inabwera pambuyo kudzatumikira mgodiwo.

Muyambe mwadziwa malo ake. Kuchoka ku Stockholm kukafika ku Kiruna pa msewu ndi makilomita opitirira 1,200, kutalika kuposa kuchoka ku Karonga kukafika ku Nsanje. Kuyambira kumapeto kwa May mpaka pakati pa July dzuwa sililowa olo usiku, pomwe mu December pamapita masabata angapo dzuwa osatuluka nkomwe, ndipo chipale chofewa chimakhala pansi kuposa theka la chaka. Dera la khonsolo ya Kiruna ndi lalikulu ngati gawo limodzi mwa magawo 6 a Malawi yense koma anthu ake ndi cha m'ma 22,000 basi. Kumalo ngati amenewo munthu sangamange tauni chifukwa cha ulimi. Eni nthaka akalekale ndi anthu a mtundu wa Sami, oweta nyama zonga mphalapala zotchedwa reindeer, amasamuka nazo kupita kumapiri nthawi yotentha nkutsika nazo kunkhalango nthawi yozizira. Dzina loti Kiruna lomwelo likuchokera ku dzina la mbalame ina ya kumapiri ozizira, yooneka ngati nkhwali koma imayera mbee nthawi ya chisanu, a Sami amati Giron.

Miyala ya chitsulo m'mapiri awiri a Kiirunavaara ndi Luossavaara inadziwika kale zedi, zaka za m'ma 1700 akuluakulu a boma anali ataimva kale. Koma inakhala zaka pafupifupi 200 osapindulira munthu, ndipo zifukwa zake ziwiri ndimakonda kuziphunzitsa poti zimaonetsa kuti mwala pawokha si chuma. Choyamba miyalayo inali ndi phosphorus wambiri, yemwe uja amapezeka mu feteleza, ndipo chitsulo chokhala ndi phosphorus chimakhala chosalimba, chimathyoka makamaka kukazizira, nde osula zitsulo sankaifuna. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1870 anyamata awiri apachibale a ku Britain, Sidney Gilchrist Thomas ndi Percy Gilchrist, anapeza njira yochotsera phosphorus posungunula chitsulo, mpaka zotsalira zake nkumagulitsidwa ngati feteleza. Mwala omwe uja unali wachabe unasanduka wofunidwa ndi mafakitale a ku Germany ndi Britain. Chachiwiri kunalibe njira. Chitsulo ndi katundu olemera koma otchipa pa kilo, sungachinyamule pa ngolo yokokedwa ndi reindeer nkupeza phindu. Panafunika njanji ndi doko. Doko la Sweden lapafupi kwambiri ndi la Luleå, koma nyanja yake imaundana miyezi ingapo pachaka. Mbali ya Norway kuli Narvik, kumpoto ndithu koma madzi ake saundana chifukwa cha mafunde ofunda ochokera kum'mwera kwa Atlantic. Njanji inafika ku Kiruna mu 1899, inaboola mapiri kukafika ku Narvik mu 1902, ndipo mfumu Oscar II anaitsegulira mu 1903. Anthu oimanga anavutika koopsa m'chisanu chimenecho. Ndipo taonani, msewu wa galimoto olumikiza Kiruna ndi Narvik unadzatsegulidwa mu 1984, patapita zaka zoposa 80, kusonyeza kuti njira ya mwala inali yofunika kuposa njira ya munthu.

Kampani yake ndi LKAB, zilembo L ndi K zikuimira mapiri awiri aja, inakhazikitsidwa mu 1890, pomwe tauni imawerengedwa kuti inabadwa mu 1900. Bwana woyamba pamalopo anali katswiri wa miyala Hjalmar Lundbohm, ndipo bamboyu ndimamupatsa ulemu pa chinthu chimodzi. Anali ataona zimene zinachitika ku Malmberget, mgodi wina chakum'mwera pang'ono, komwe anthu anangothamangira nkumanga zisakasa za matabwa a mabokosi, uve ndi uchidakwa zili thoo. Iye sanafune zimenezo. Anaitana akatswiri ojambula mapulani, tauni inaikidwa pa phiri la Haukivaara poti pamtunda pamakhala pofundirako kusiyana ndi m'zigwa momwe mphepo yozizira imadikha, misewu anaikhotetsa dala kuti mphepo isamawombe molunjika, anamanga nyumba za antchito, masukulu, mpaka sitima zing'onozing'ono zamagetsi zonyamula anthu kupita ku ntchito kuyambira 1907. Tchalitchi chomwe munaonacho chinatha mu 1912, chamatabwa, mphatso ya kampani kwa anthu, maonekedwe ake anatengera nyumba za a Sami, ndipo mu 2001 anthu a ku Sweden anachivotera kuti ndi nyumba yokongola kuposa zonse zakale m'dzikomo. Koma muone bwino apa, nyumba za kampani, sitima za kampani, tchalitchi cha kampani. Chabwino chilichonse chinkachokera dzanja limodzi, ndipo dzanja limenelo linamanga tauni pafupi ndi mgodi kuti antchito asamachedwe, osaganiza kuti tsiku lina kukumba kudzafika pansi pa nyumbazo.

Za umwini, boma la Sweden linatenga theka la masheya mu 1907 poopa kuti chumacho chingagwere m'manja mwa akunja, mu 1957 linagula pafupifupi onse, ndipo kuyambira 1976 LKAB ndi ya boma yonse. Pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse Germany ya Hitler inkadalira kwambiri chitsulo chimenechi popanga zida, ndi chifukwa chake mu 1940 ku Narvik kunamenyedwa nkhondo yoopsa, kulimbirana doko. Sweden inkati siili mbali iliyonse koma inapitiriza kugulitsa, ndipo ndi nkhani imene mpaka pano imawavuta kuifotokoza.

Musaganize kuti poti kampani ndi ya boma nde antchito ankangosangalala. Pa 9 December 1969 anthu ochepa pa mgodi wa Svappavaara anakhala pansi kukana kugwira ntchito, osadikira chilolezo cha bungwe lawo la ogwira ntchito, ndipo m'masiku ochepa sitalaka inafalikira ku Kiruna ndi Malmberget, anthu oposa 4,000, kwa masiku 57 pakati pa chisanu. Nkhani sinali malipiro okha. Ankadandaula ndi kulipidwa potengera kuchuluka kwa zomwe wakumba zomwe zinkapangitsa anthu kuthamanga nkumavulala, mabwana oima ndi wotchi kuwerenga mphindi iliyonse, komanso zoti zonse zinkagamulidwa ndi anthu okhala kutali ku Stockholm. Zikwangwani zawo zinkanena kuti iwo si makina. Anapambana zina, kuphatikizapo malipiro apamwezi. Patangopita zaka zochepa mafakitale a zitsulo ku Ulaya analowa m'mavuto, migodi yotchipa ya ku Brazil ndi Australia inalanda msika, LKAB inayamba kuluza ndi kuchotsa anthu ntchito. Dera limene pakati pa zaka za m'ma 1970 linali ndi anthu cha m'ma 31,000 linayamba kuchepa, achinyamata kuthawira kum'mwera, ndipo chiwerengerocho sichinabwererenso. Inu a ku Karonga izi mukuzidziwa, Kayelekera inatsegulidwa mu 2009 nkuima mu 2014 mtengo wa uranium utagwa, osati chifukwa mwala unatha. Mtengo umagamulidwa kutali, koma amene amagona ndi njala ndi wa pafupi ndi mgodi.

Chimene chinapulumutsa LKAB ndi kusiya kugulitsa mwala osaukonza. Mwala wa ku Kiruna ndi magnetite, uli ndi chitsulo choposa magawo 60 pa 100 ndipo umakakamira ku maginito nde kuusiyanitsa ndi zinyalala sikuvuta. Amaupera kukhala ufa, nkuumba timibulu tokula ngati nzama, nkutiwotcha, amati ma pellet, ndipo amagulitsidwa mokwera kuposa mwala wamba. Lero kampaniyi imatulutsa pafupifupi magawo 80 pa 100 a miyala yonse ya chitsulo yokumbidwa m'maiko a European Union. Sitima imodzi imakoka mabogi 68, lililonse matani 100, ndipo zimayenda usana ndi usiku.

Tsopano chifukwa chimene tauni ikusamukira. Mwalawu uli ngati chithabwa chachikulu choimikidwa mopendekeka pansi pa nthaka, mulitali makilomita 4, kuchindikala kwake mamita 80 kapena kuposerapo, ndipo kupita pansi kumafika makilomita 2 osatha. Vuto ndi loti chapendekera chakum'mawa, komwe kuli tauni. Poyamba ankakumba pamtunda, kudula phiri lenilenilo, koma kuyambira zaka za m'ma 1960 analowa pansi. Njira yomwe amagwiritsa ntchito ndi iyi, amaboola ngalande mkati mwa mwalawo, kuchokera m'ngalandemo amaboola mabowo ataliatali kulozetsa m'mwamba, amathiramo zophulitsira, amaphulitsa usiku cha m'ma 1 koloko pomwe anthu atuluka, kenako makina amafosholo mwala ogumukawo kuchokera pansi. Dzenje lotsalalo salikwirira, miyala ya pamwamba imangotsika yokha kudzadzaza. Ganizani nkhokwe ya chimanga, mukamatapa kuchokera pa kabowo ka pansi chimanga cha pamwamba chimatsika chokha eti? Nde pamwamba pa nkhokwe imeneyi pali nthaka imene yanyamula nyumba za anthu. Akamatsika pansi kutsatira mwala opendekeka uja, ming'alu ya pamtunda nayo imasendera ku tauni chaka ndi chaka. Sikuti nyumba zimangomira tsiku limodzi ayi, nthaka imatamuka pang'onopang'ono, zoyamba kuonongeka ndi mapaipi a madzi ndi a zonyansa, njanji, mawaya, kenako makoma. Malo aakulu onyamulira mwala pano ali pa mamita 1,365 kuchokera pomwe panali nsonga ya phiri, anatsegulidwa mu 2013. Ndipo nthaka imagwedezeka, mu May 2020 kunachitika chivomerezi chopitirira 4 pa sikelo yoyezera zivomerezi mu mgodimo chimene chinatseka mbali ina kwa nthawi yaitali. Sichinafike pa zivomerezi zija munaona inu ku Karonga mu December 2009, koma kusiyana kwake nkoti ichi chinabwera chifukwa cha kukumba.

Mu 2004 kampani inauza khonsolo kuti pakati pa tauni padzaonongeka. Panali njira ziwiri, kusiya kukumba kapena kusuntha anthu, ndipo kunena zoona panalibe amene akanasankha kutseka mgodi, poti ukatseka tauni yafa basi. Nde anasankha malo atsopano makilomita 3 chakum'mawa. Nyumba yatsopano ya khonsolo yotchedwa Kristallen inatsegulidwa mu 2018, yakale yomwe anthu ankaikonda inagumulidwa koma nsanja yake ya wotchi anaisamutsa, ndipo misika ndi mashopu a pakati pa tauni yatsopano anatsegulidwa mu 2022. Apa ndikonze pang'ono zimene mavidiyo amapangitsa anthu kuganiza. Nyumba zonyamulidwa pa matayala ndi zochepa, zosankhidwa chifukwa cha mbiri yake. Zambiri zimagumulidwa. Gawo loyambali linakhudza anthu pafupifupi 6,000 ndi nyumba pafupifupi 3,000.

Amalipira ndi ndani? Kampani, poti lamulo la migodi la Sweden limati oononga ndi amene akonze. Mwini nyumba amasankha, kupatsidwa nyumba ina yofanana nayo kapena ndalama ya mtengo wa pamsika kuwonjezerapo 25 pa 100. Izi nzabwino ndipo sindikufuna kuzichepetsa, yerekezani ndi anzathu a ku Moatize ku Tete omwe anasamutsidwa kupita ku Cateme chifukwa cha malasha, mpaka mu January 2012 anakatseka njanji podandaula za nyumba zong'ambika ndi minda yosabereka. Koma olo ku Kiruna chipukuta misozi sichifika paliponse. Mtengo wa pamsika wa nyumba yakale ya m'tauni ya kutchire olo muwonjezere 25 pa 100 nthawi zambiri sukwana kumanga yatsopano. Okhala pa lendi amapatsidwa malo atsopano koma lendi yake imakwera, kampani imangothandiza kuti ikwere pang'onopang'ono kwa zaka zingapo. Malo atsopanowo ali chotsika, nde anthu akudandaula kuti kumazizira kuposa kwakale, chinthu chomwe Lundbohm anachipewa zaka zoposa 100 zapitazo. Ndipo pali chimene chilibe mtengo, munthu kubwerera pomwe anakulira nkupeza mpanda wa waya ndi udzu.

Pomwe ndikufuna mumvetsetse kwambiri ndi pa ndalama, poti apa ndi pamene funso lanu la Karonga lagona. Mungaganize kuti khonsolo ya Kiruna ndi yolemera koopsa. Ayi ndithu, ili ndi ngongole zambiri ndipo imavutika kupeza aphunzitsi ndi osamalira okalamba, poti malipiro a ku mgodi ndi okwera nde aliyense amathamangira komweko. Ku Sweden khonsolo imadya msonkho wa malipiro a anthu olembetsedwa kuti amakhala m'dera lake. Msonkho wa phindu la kampani umapita ku boma lalikulu, phindu la masheya a LKAB, lomwe zaka zabwino limakhala mabiliyoni a ndalama zawo za krona, limapitanso ku Stockholm. Kandalama kolipira pa mwala wokumbidwa ndi kochepetsetsa, 0.2 pa 100 pa ziphaso zatsopano, ndipo kamagawidwa kwa mwini malo ndi boma, khonsolo sipeza kanthu. Kuwonjezera apo antchito ambiri amabwera pa ndege kapena pa galimoto, kugwira sabata imodzi kapena awiri nkubwerera kwawo, msonkho wawo umakalowa komwe analembetsa, pomwe misewu ndi chipatala akugwiritsa za ku Kiruna. Nyumba ndi zosowa moti munthu olo apeze ntchito amasowa pogona, ndipo malo omangapo ndi ovuta kupeza ngakhale dera lili lalikulu chonchija, poti ambiri ndi a boma, ena ndi a mgodi, ena ndi njira za reindeer. Nde onani, dziko lolemera, lamalamulo olimba, kampani ya boma, koma ndalama imadutsabe pa tauni pa sitima osaima.

Ayesetsa kuti asadalire mwala okha. Kuli malo oulutsira maroketi a Esrange kuyambira 1966, kuli asayansi ofufuza zakuthambo, kuli hotela yomangidwa ndi madzi oundana ku Jukkasjärvi yomwe amaimanganso chaka chilichonse ikasungunuka, alendo amabwera kudzaona kuwala kobiriwira kwa kumwamba usiku ndi kukwera Kebnekaise, phiri lalitali kuposa onse ku Sweden. Zimathandiza, koma sizingafanane ndi mgodi. Umboni wake, mu December 2023 sitima ya miyala inagwa pa njanji yopita ku Narvik, njira inatsekeka miyezi iwiri, ma pellet anaunjikana milu pa Kiruna ndipo kampani inkati ikutaya pafupifupi 100 miliyoni krona pa tsiku. Njanji ndi imodzi yomwe ija ya 1902.

A Sami ndiwo amene amandikhudza mtima kwambiri pa nkhani yonseyi, ndipo mavidiyo a tchalitchi sawaonetsa. Mu January 2023 LKAB inalengeza kuti pamalo otchedwa Per Geijer, kumpoto pang'ono kwa tauni, pali matani oposa 1 miliyoni a ma rare earth, miyala yofunika popanga maginito a galimoto zamagetsi ndi makina opangira magetsi a mphepo, yomwe pano Ulaya amadalira China. Ku Brussels, likulu la European Union, anaombera m'manja, ndipo mu 2025 malowa analowa pa mndandanda wa ntchito zofunika kwambiri kwa European Union, ndipo lamulo lomwe linabweretsa mndandandawu ndi limene linatenganso Songwe Hill, malo a ma rare earth a ku Phalombe kwathu kuno. Koma gulu la oweta la Gabna likuti mgodi, njanji, misewu ndi tauni zinawapanikiza kale mpaka anangotsala ndi kanjira kopapatiza kodutsitsira ziweto pakati pa msipu wa chilimwe ndi wa chisanu, ndipo mgodi watsopanowu udzakhala pa kanjira komweko. Tchalitchi mutha kuchikweza pa matayala, koma njira imene ziweto zakhala zikudutsa mibadwomibadwo simungaisunthe, ndipo ikaduka uweto wa mabanja amenewo watha pamodzi ndi chiyankhulo ndi miyambo yomwe imayenda nawo.

Nde pa za Kayelekera, yomwe yayambanso ntchito mu 2025 pansi pa kampani ya Lotus Resources, boma lathu lili ndi masheya 15 pa 100, sindikuuzani kuti mgodi ndi oipa, ku Kiruna wadyetsa mabanja kwa zaka zoposa 120 ndipo anthu ake amaunyadira. Komanso migodi iwiriyi ndi yosiyana, wanu ndi waung'ono, wokumba pamtunda, wa zaka zowerengeka, sudzasamutsa Karonga. Chomwe ndingakupempheni nchakuti mukamapita ku misonkhano ya mafumu ndi a khonsolo muzifunsa zolembedwa, ndi gawo lanji la ndalama lomwe lamulo kapena mgwirizano ukuti litsale m'boma la Karonga, antchito angati ndi a konko ndipo akugwira ntchito zanji, ndalama yokonzera malo mgodi ukadzatsekedwa ili kuti ndipo akuisunga ndani, amene akuyeza madzi a mu mtsinje wa Sere ndi North Rukuru ndi ndani ndipo zotsatira zake mumaziona kuti. Ku Kiruna chimene chimawateteza ndi choti nthaka imayezedwa nthawi zonse, malire ake anagwirizana kale, ndipo akapyoledwa lamulo limakakamiza kampani kulipira, sizidalira kukoma mtima kwa bwana.

Ndipo nkhani yawo sinathe. Tchalitchi chitangofika pamalo ake atsopano, pasanathe ndi masabata awiri omwe, LKAB inalengeza kuti kuyeza kwatsopano kwaonetsa kuti ming'alu idzafika patali kuposa momwe ankaganizira, ndipo anthu ena pafupifupi 6,000 nawonso ayenera kusamuka m'zaka zikubwerazi. Mukaphatikiza ndi oyamba aja ndi anthu 12,000, m'tauni ya anthu osakwana 20,000.